PA KHONDE LA MLANGIZI: Kodi Okalamba Alekane Mphasa?

Sabata yatha tinakamba za anankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga. Nkhani ya lero njosiyana, ndipo tiyamba ndi pempho. Tidziwa kuti m'midzi yambiri nyuzi ino imawerengedwa ndi mwana wa sukulu, akulu ali phee kumvetsera. Lero mwanayo mumtume kuchitsime, ndipo muitane wamkulu mnzanu wodziwa kuwerenga, chifukwa tifuna kukamba za m'nyumba ya agogo.

Miyezi iwiri yapitayo ndinali ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi mishoni ya P.I.M. imene John Chilembwe anaiyamba m'chaka cha 1900. Ndinapitira minda ya nandolo, si za maukwati ai. Koma msonkhano utatha, mkulu wina wa imvi, msinkhu wa atsibweni anga, anandikodola nanditengera kuseri kwa nkhokwe. Anayamba ndi za mvula, napita ku mtengo wa feteleza, nafika pa mbuzi yao yodwala, ndipo dzuwa litapendeka ndi pamene anatulutsa chimene anandiitanira.

Iwo ndi akazi ao akhala m'banja zaka zoposa 40. Sanamenyanepo, ndipo kubwalo la amfumu sanapiteko ndi kamodzi komwe. Koma kuyambira pamene maiwo anasiya kusamba, anatenga mphasa yao nakayala kumene kugona adzukulu, ndipo papita zaka 6 osabwerera. Nsima amaphika bwino, madzi osamba amaika monga kale, koma usiku mkuluyo amagona okha ngati mnyamata wa m'gowelo. Anzao a pa bao anawalangiza kuti apeze kamtsikana pa msika. Iwo sanafune, koma anaulula kuti khutu linali litayamba kumvera.

Ndinafunsa ngati anakambapo ndi maiwo. Anangoseka. Ndinafunsa za ankhoswe. Anati ankhoswe onse awiri anatsogola kalekale, ndipo tsopano iwowo ndiwo nkhoswe ya maukwati angapo m'mudzimo. Nanga nkhoswe ikadandaule kwa yani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mtsikana ali ndi anamkungwi, akwati atsopano ali ndi ankhoswe ndi alangizi, mai woyembekezera ali ndi sikelo. Koma agogo alibe kopita. Iwo ndiwo amalangiza onse, ndipo achita manyazi kufunsa ana amene anawatawira okha. Kuchipatala nako namwino ndi msinkhu wa mdzukulu, tsono agogo amangonena za msana ndi maondo, chenicheni nkubwerera nacho kunyumba. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Anthu ambiri aganiza kuti munthu akafika zaka 50 za m'nyumba zatha. Ngakhale ophunzira anaganiza chomwecho nthawi yaitali, kotero kuti pochita kafukufuku wa za uchembere ndi za Edzi ankafunsa makamaka anthu a zaka 15 kufikira 49, opitirira apo nkuwasiya. Koma m'chaka cha 2012 ophunzira awiri, Emily Freeman ndi Philip Anglewicz, anasindikiza zimene zinapezeka m'midzi ya dziko lathu lomwe lino, m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mwa amuna 100 alionse a zaka 65 ndi kupitirira, pafupifupi 74 anati anakhalapo malo amodzi ndi mkazi m'chaka chimene chinangotha. Mwa akazi a msinkhu womwewo anali pafupifupi 27. Amenewa si anthu a ku London kapena Johannesburg ai, koma alimi anzathu a khasu. Tsono wokalamba amene thupi lake lifunabe mnzake asadzione ngati wopusa kapena wopanda mwambo. Ali ndi anzake ambiri, kungoti onse ali chete.

Koma taonani kusiyana kwa 74 ndi 27. Mbali ina nchifukwa chakuti akazi ambiri a msinkhu umenewu ndi amasiye, pakuti anakwatiwa ndi amuna akulu kuposa iwo, ndiponso akazi amakhalitsa ndi moyo. Koma ine ndiyesa kuti mbali inanso ndi mphasa zimene zinasamuka monga ija ya ku Mbombwe, amuna nkukafuna kwina.

Popeza si mwambo kuti ine mwamuna ndikafunse mai wamkulu zotere, ndinapempha mlangizi wamkazi wa zaumoyo kuti akacheze nao pa mtondo. Zimene anabwera nazo ziri ziwiri: mantha ndi ululu. Mantha anali akuti amai anzao anawauza kuti mkazi wosiya kusamba akapitiriza kukhala ndi mwamuna, mbewu ya abambo imaunjikana m'mimba popeza palibenso magazi oitsuka, ndipo mimba imatupa mpaka imfa. Ululu unali wakuti masiku otsiriza aja kukhala pamodzi kunkawapweteka ngati bala. Zaka 6 zonsezi sanauze amuna ao ngakhale chimodzi mwa ziwirizi, ndipo amunawo ankayesa kuti akanidwa chifukwa cha ukalamba ndi umphawi.

Tiyambe ndi mantha. Akazi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Si matenda ai, ndi msinkhu chabe, monga kutha msinkhu kunali msinkhu. Mai akatha miyezi 12 osaona mwezi ndiye kuti wasiyadi, koma miyeziyo isanakwane akhoza kutenga pathupi, chifukwa chake asafulumire kutaya njira yake yolera. Za kuunjikana kwa mbewu sizoona. Mbewu ya abambo ndi madzi ochepa, ngati supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, ndipo amatuluka okha, otsalawo thupi limawatha. Magazi a kumwezi nchito yao sinali kutsuka mwamuna. Chiberekero mwezi uliwonse chimayala pogona mwana, ndipo mwana akapanda kubwera chimataya choyalacho. Ndiwo magaziwo. Ngati mukayika, taonani ana anu akazi amene alera ndi jekeseni. Ambiri a iwo amatha miyezi yochuluka osasamba, ali ndi amuna ao m'nyumba, ndipo mimba zao sizitupa. Nzoona kuti mimba ya mai wokalamba ikhoza kutupa, tonse tinaziona, koma chotupitsa chimakhala chotupa cha m'kati, kapena chiwindi chimene chinaonongeka ndi likodzo kapena mowa, kapena nthenda ya mtima. Zimenezi zimagwira ndi amasiye omwe amene sanaone mwamuna zaka 20. Mai wotere afunika dotolo msanga, osati kutonzedwa kuti sanadzisunge.

Za ululu nzoona ndithu, ndipo amuna amvetse bwino apa. Mkazi akasiya kusamba, njira ya abambo imauma ndipo khungu lake limapyapyala, kotero kuti lichedwa kunyowa ndipo silichedwa kuchekeka. Si kuti mkaziyo wadana nanu. Mankhwala oyamba ndi aulere: kusafulumira. Mwamuna amene amabzala mvula isanalowe pansi amadziwa yekha zotsatira zake. Chezani, sekani, gwiranani manja, ndipo thupi la mai lipatseni nthawi yoposa ya pa unyamata. Achiwiri ndi mafuta oterera opangidwa ndi madzi, amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala, ndipo mukhoza kuwafunsanso kuchipatala. Vaseline ndi mafuta ophikira musagwiritse pamodzi ndi kondomu chifukwa amaiboola. Ndipo amai athu, lekani kuika zitsamba, miyala yosinja kapena sopo m'njira kuti muume. Pa msinkhu uwu zimenezo zingochititsa zilonda. Ululu ukapitirira, kulinso mankhwala opaka amene dotolo akhoza kulemba.

Pali chinthu chimodzi chimene mai aliyense wosiya kusamba asachilekerere. Mukaonanso magazi, ngakhale kadontho, kaya mutakhala ndi amuna anu kaya ai, kapena madzi onunkha osaleka, musati mwezi wabwerera. Mwezi subwerera. Kawirikawiri choyambitsa chimakhala chaching'ono, koma ndi momwenso imayambira khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ndi limodzi la maiko amene nthenda imeneyi imapha akazi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Nchifukwa chake madotolo a bungwe la Médecins Sans Frontières m'chaka cha 2018 anayamba nchito yolimbana nayo ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Ikapezeka msanga imachizika. Pitani ku chipatala cha boma ku Chiradzulu, kapena ku Nguludi, kapena funsani pa chipatala chaching'ono cha kwanu kumene amapima. Abambo, perekezani akazi anu, ndipo ndalama ya ulendo musaiwerengere.

Tsopano tibwere kwa amuna, pakuti nyumba zina vuto liri mbali iyi. Mwamuna akamakula, thupi lichedwa kudzuka, ndipo likagwira nchito lifuna masiku opumula. Zimenezi nzachibadwa. Amene ankalima ekala pa sabata ali mnyamata sadzitcha wodwala chifukwa tsopano alima theka. Koma amuna ambiri zikawachitikira kamodzi kapena kawiri amagwidwa ndi mantha kuti agwa mu mpapaya, ndipo manthawo ndiwo amamaliza mphamvu yotsalayo. Ena amayamba kukalipira akazi ao, ena amati alodzedwa, ena amathawira ku kachasu, amene ndiye mdani wamkulu wa mphamvu za m'nyumba pamodzi ndi fodya.

Chofunika kudziwa ndi ichi. Chiwalo cha mwamuna chimadzuka ndi magazi, ndipo mitsempha yake njaing'ono kuposa ya mtima. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amaononga mitsempha yaing'ono poyamba. Tsono mwamuna amene mphamvu zathawa kwa miyezi ingapo, nthawi zambiri thupi lake likumchenjeza za shuga kapena za mtima, zaka zingapo nthendayo isanamgwetse. Kupimitsa kwake nkwa kanthawi kochepa: lamba wa pa mkono ndi kadontho ka magazi a pa chala. Amene mukumwa kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi, dziwani kuti ena mwa iwo amafooketsadi mwamuna. Musasiye nokha, chifukwa mukhoza kufa ziwalo. Kauzeni dotolo, mankhwala alipo a mitundu ingapo ndipo akhoza kukusinthirani. Chimodzimodzi amene mudzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, mkodzo nkumatuluka modontha. Pansi pa chikhodzodzo pali kachiwalo kotchedwa prostate kamene kamakula mwamuna akamakalamba, ndipo kafunika kuonedwa.

Nanga za gondolosi ndi mabotolo a pa msika? Gondolosi makolo athu ankatafuna, ndipo sindidzakangana ndi munthu pa muzu umene aukumba yekha naudziwa. Chimene ndiopa ndi mabotolo ndi timapaketi topanda dzina timene anyamata amayenda nato m'misika ndi m'mabasi. M'maiko ambiri oyesa mankhwala apeza kuti zina zotchedwa zitsamba zimasakanizidwa mobisa ndi mankhwala a chizungu. Mankhwala enieniwo, amene anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1998 ndi dzina la Viagra, amathandizadi amuna ambiri. Koma akakumana ndi mankhwala ena a mtima, makamaka aja oika pansi pa lilime mtima ukamapweteka, magazi amatsika mwadzidzidzi ndipo munthu akhoza kufera pa mphasa pomwepo. Musabwereke mbulu wa mnzanu wa pa bao. Dotolo ayambe waona mtima wanu. Ena afunsa ngati kukhala pamodzi sikuopsa kwa wokalamba wa mtima wofooka. Kunena mwachidule, munthu amene akhoza kukwera chitunda mofulumirako osabanika ndi osamva kupweteka pachifuwa, kawirikawiri alibe chodera nkhawa. Amene abanika afunse kuchipatala.

Tsono tifike pa langizo lija la anzao a pa bao, lakuti apeze kamtsikana. Anthu a ku Chiradzulu safunika kuuzidwa za Edzi, anaika maliro okwanira. M'chaka cha 2001 boma limeneli linali pakati pa malo oyambirira m'dziko muno kumene anthu a m'midzi analandira mankhwala a ma ARV kwaulere, mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, ndipo Boma linafalitsa mankhwalawo m'dziko lonse kuyambira 2004. Kafukufuku wa m'chaka cha 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kufikira 59 m'boma la Chiradzulu, pafupifupi 17 anali ndi kachirombo. Taganizani: munthu amene anayamba mankhwala mu 2001 ali ndi zaka 30 anakwana zaka 50 mu 2021. Tithokoza kuti ali moyo, koma zitanthauza kuti Edzi sinalinso nthenda ya achinyamata okha. Ndipo ophunzira awiri aja anapezanso kuti mwa amuna a zaka 50 kufikira 64 pafupifupi 9 mwa 100 anali ndi kachirombo, pamene mwa amuna a zaka 15 kufikira 49 anali 4 okha. Imvi si katemera.

Mkulu amene apita kunja ndi ndalama ya nandolo akhoza kubwera ndi kachirombo, chindoko kapena chinzonono, nkupatsira mai amene anadzisunga zaka 40, ndipo khungu lopyapyala lija limalowetsa matenda mosavuta. Akhozanso kukhala iyeyo wopatsira mwana wa eni. Pamenepa sindidzasankha mau: mtsikana wosakwana zaka 18 ndi mwana, malamulo a dziko anatsimikiza zimenezi mu 2017, ndipo nkhalamba yomnyengerera ndi sopo kapena foni si yofuna chithandizo ai, ndi yofuna apolisi.

Amasiye nao, amuna ndi akazi, amene afuna kukwatiranso, palibe choipa. Ana asawaletse chifukwa cha kuopa munda kapena malata. Koma awiriwo apite limodzi kukayezetsa magazi asanalowane, ndipo asanene kuti kondomu nja ana chifukwa mai sangatengenso pathupi. Wina akapezeka nako, ukwati sufa. Munthu amene amwa mankhwala tsiku ndi tsiku mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Za kulowa kufa ndi chokolo chokakamiza, lamulo la za Edzi la 2018 linaletsa miyambo yoika anthu pa ngozi, ndipo mai wamasiye ali ndi ufulu wokana.

Chinanso chimene chimalekanitsa mphasa sichiri m'thupi, chiri m'nyumba. Agogo ambiri alera adzukulu, ena amasiye, ena makolo ao ali ku Limbe kapena ku Joni, ndipo kuyambira pamene namondwe Freddy anagwetsa nyumba mu March 2023 mabanja ena anaunjikana m'kanyumba kamodzi. Ana asanu pa balaza, chitseko cha nsalu, nanga akuluwo achezera pati? Makolo athu sanali opusa pomanga gowelo. Ana amene mutumiza ndalama kumudzi, kumbukirani kuti amai anu ndi atate anu ndi mkazi ndi mwamuna, si alonda a ana anu chabe. Palinso kudika. Agogo amadikira khanda la mdzukulu, amadikira chinamwali, amadikira maliro, ndipo m'banja lalikulu chimodzi chisanathe china chayamba. Mwambo sindiunyoza, koma kudika kuli konse kunali ndi tsiku lake lomasula, ndipo akulu akale ankalidziwa. Mwana akatupa ndi kuonda, musayambe ndi kuloza agogo kuti amtsempha. Yambani ndi sikelo, pakuti kawirikawiri ndi kuchepa kwa chakudya.

Pomwepa ndichenjeze amuna amene atenge nyuzi ino nkukaiika pamaso pa akazi ao ngati chisamani. Sindinalembe kuti mai ayenera. Alipo okalamba, akazi ndi amuna omwe, amene chilakolako chinatha ndipo ali pa mtendere. Ngati onse awiri agwirizana, palibe nthenda imene imadza chifukwa cha kusagonana, ndipo za msana wouma zija nzonamizira. Kukakamiza ndi nkhanza, ngakhale munthu munamkwatira kale pa nthawi ya Welensky. Choipa ndi chakuti mmodzi asankhe yekha, mnzake nkumangoganizira. Ndiponso mphasa imodzi nchito yake si imodzi. M'mwezi wa June kumazizira ku Chiradzulu, ndipo pa mphasa ndi pamene akulu awiri amakambirana za ana, za munda ndi za imfa, zimene sanganene masana pa anthu. Amene agona pamodzi ndiye amamva mnzake akabanika usiku.

Kuchipatala musazungulire monga anachitira mkulu uja ndi mbuzi yake, chifukwa pa mzere pali anthu ambiri ndipo dotolo sadzafika nanu pa nkhaniyo. Mukalowa nenani poyamba pomwe kuti, ndabwera ndi vuto la m'nyumba, ndipo ndifuna kulankhula ndi wamkulu, mwamuna kapena mkazi monga mufunira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo inu anamwino ndi alangizi achinyamata, agogo akayamba nkhani yotere musaseke kapena kuitana mnzanu kuti adzamve. Mukatero agogowo sadzabweranso, ndipo adzauza mudzi wonse kuti asapite.

Sabata yatha ndinadzeranso ku Mbombwe kukaona kakololedwe ka nandolo. Mlangizi uja anandiuza kuti maiwo anavomera kupita kukapimidwa ndipo sanapezeke ndi choopsa, koma amuna ao, amene anangoti aperekeze, ndiwo anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi ndipo ayamba mankhwala. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuumba njerwa za gowelo la adzukulu, maiwo akuthira madzi m'dothi. Mkuluyo anandipatsa moni ndi chigongono chifukwa manja anali matope, nandifunsa ngati mtengo wa nandolo ukwera chaka chino.

Sabata ya mawa tidzakamba za katemera wa chitopa cha nkhuku.